Galimoto ya 250 pamsewu wa 120

Mu South Africa monse muno mulibe msewu wa anthu onse umene lamulo limalola kuthamanga kupitirira makilomita 120 pa ola. M'tauni ndi 60, kunja kwa tauni ndi 100, ndipo 120 amakupatsa pa misewu ikuluikulu yokha ngati N1, N3 ndi N12. Ukapitirira malire a pamsewu waukulu ndi makilomita oposa 40, nkhani yake sikhalanso ya tikiti. Apolisi akhoza kukutsitsa, kukakutsekera m'chitokosi, kenako n'kukaonekera kukhoti. Tsono imani pa loboti ina iliyonse ku Sandton kapena ku Fourways muone zimene zikudutsa. BMW M4 Competition ya 2021 ili ndi injini ya malita atatu, masilinda 6 ndi maturbo awiri, mphamvu yake 375 kW. Kuchoka poima kufika pa 100 sipatha masekondi anayi, ndipo kuti isapitirire 250 anachita kuimanga ndi kompyuta kufakitale. Wogula galimoto imeneyi walipira liwiro lonselo, koma loposa theka lake boma linamuletsa kale asanatuluke n'komwe pageti la ogulitsa.

Mkangano wa magalimoto sutha pakati pa ife Amalawi a ku Joni kuno. Umabuka Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, anthu atatsamira maboneti panja, umabukanso pamaliro tikamadikira kuti ndalama za thupi zikwane. Mbali ina kuli anyamata amene zawo zinayera, ogwira ntchito m'maofesi a ku Midrand ndi ku Rosebank, amene akagona amalota M4, Golf R kapena C63. Mbali ina kuli akuluakulu amene amati galimoto inatha kupangidwa kalekale, za lerozi ndi mafoni a matayala. Ine ndili kumbali ya akuluakulu, koma osati pa zifukwa zonse zimene iwo amapereka. China mwa zifukwa zawo ndi bodza loopsa, ndipo ndifikako.

Ku Turffontein kuli mkulu wina wa ku Ntcheu, makaniko, amene kuseri kwa nyumba yake ya lendi amasungako ka Mini kobiriwira ka m'ma 1970. Anakagula kali pamiyala, kopanda matayala, nkhuku zikuikiramo. Lero kamayenda. Ndakhala ndikumuonerera akukasamala Loweruka masana, ndipo ntchito yake ndi yosangalatsa kuiona. Amatsegula boneti, n'kumasula kachivindikiro kakuda ka pamwamba pa kabureta, n'kudonthezamo oyilo pang'ono. Akaliza injini amapendeketsa mutu, khutu kuinjini, dzanja lili pansi pa kabureta akupotokola kanati kamodzi pang'onopang'ono. Injini ikayamba kunjenjemera amabweza. Ikakhazikika amazungulira nako kamodzi mpaka ku Rosettenville, n'kubwera kudzamasula pulagi imodzi. Ikatuluka yakuda ndi mwaye ndiye kuti petulo wachuluka, ikatuluka yoyera mbuu ndiye wachepa. Zida zake ndi sipanala, sikuludiraiva, khutu ndi mphuno.

Tsiku lina kunafika mnyamata wa kumpingo kwathu ndi M4 yake yabuluu, ana a m'deralo akuithamangira. Mkuluyo anapempha kuti aone injini. Boneti itatseguka tinangoona chivindikiro chapulasitiki, zitsulo zopingasa ndi mapaipi, popanda poti n'kulowetsa dzanja.

"Ankolo, iyi simungaigwire," anatero mnyamatayo akuseka. "Imafuna kompyuta."

Mkuluyo anapukuta manja pakansanza, n'kufunsa kuti, "Chabwino mphwanga, ine sindingaigwire. Nanga iweyo ungaigwire?"

Funso limeneli ndi limene ine ndimayezera galimoto. Zimene ingachite m'manja mwa katswiri wa mpikisano ku Germany sizindikhudza. Ndimafuna kudziwa kuti mwa zonse zimene ili nazo, ndi zingati zimene mwini wake amazigwiritsadi ntchito, amazimvetsa, ndiponso anamaliza kulipira. Pamuyeso umenewu ka Mini kamaisiya M4 patali.

Kagalimoto kameneka kanabadwa chifukwa cha kusowa kwa mafuta, vuto limene Mmalawi sachita kufotokozeredwa. Mu 1956, nkhondo itatseka njira ya Suez Canal, ku Britain anayamba kugulitsa petulo mochita kuyeza. Kampani ya British Motor Corporation inauza injiniya wake Alec Issigonis kuti apange galimoto yaing'ono kwambiri koma yokwana anthu akuluakulu anayi. Imene inatuluka mu 1959 inali yotalika mamita atatu ndi pang'ono. Issigonis anagoneka injini chopingasa, giyabokosi n'kuiika pansi pa injiniyo kuti zizimwera oyilo mmodzi, mphamvu n'kuipereka kumatayala akutsogolo. Matayalawo anali a mainchesi 10 okha, atakankhidwira kumakona kwenikweni. M'malo mwa masipuling'i achitsulo anaikamo timphira tolimba timene anapanga Alex Moulton. Mapeto ake, pafupifupi magawo 8 mwa 10 a malo onse a pansi anatsalira anthu ndi katundu wawo. Polo imene yadzaza misewu ya kuno, Vitz ndi Sienta zimene zadzaza ku Lilongwe, zonsezi zimagoneka injini momwe Issigonis anagonekera. Mini yakaleyo inapangidwa mpaka chaka cha 2000, zoposa 5 miliyoni, ndipo zina ankazilumikiza konkuno, ku Blackheath pafupi ndi Cape Town, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Tikaika manambala pambali pa manambala, ka Mini n'koseketsa. Koyambako kanali ndi injini ya 848 cc, mphamvu pafupifupi 25 kW. M4 ili ndi mphamvu imeneyo kuchulukitsa ka 15. Ukakapondereza mpaka pansi, pamsewu wosalala, mphepo ili kumbuyo, kankafika cha m'ma 115. Ndipo manambala amenewo ndi a kunyanja. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wa kuno ndi wopyapyala, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu yake. N'chifukwa chake mkulu wa ku Ntcheu uja amalimbana ndi kanati kaja: mpweya ukachepa, petulo nayenso ayenera kuchepa. Injini ya turbo vuto limeneli siliimva kwenikweni, popeza imachita kukankhira mpweya mkati. Apa za makono zapambana, palibe chotsutsa.

Koma kodi munayendetsapo kagalimoto kolemera makilogalamu ongopitirira 600 pang'ono? M4 imaposa 1,700. Mu Mini umakhala pansi kwenikweni, matako atatsala pang'ono kukhudza phula. Chiwongolero chilibe chothandizira chilichonse, ukachikhotetsa pang'ono kagalimoto kakhota nthawi yomweyo, ndipo kamwala kalikonse kamene tayala laponda umakamva m'manja. Kwerani nako Munro Drive ku Houghton. Mufunika kusankha giya nthawi yabwino, kusunga liwiro pokhota kuti kasafooke pachikweza, kumvetsera injini ikamapempha giya ina. Mukafika pamwamba muli thukuta ndi chimwemwe, mwagwiritsa ntchito mphamvu yonse imene kali nayo, koma simunadutse 60. M4 pamsewu womwewo imakhala ili mtulo. Imasintha magiya yokha, imadziwongola yokha tayala likaterera, phokoso lina limene mukumva mkatimo likuchokera m'masipika. Kuti idzuke muyenera kuponda, ndipo mukaponda masekondi anayi okha mwalakwira kale lamulo la m'tauni. Chisangalalo chake chimayambira pamene laisensi yanu ikuthera.

Wina asaganize kuti kuchepa mphamvu ndi kupusa. Mini Cooper S, imene inakonzedwa mogwirizana ndi katswiri wopanga magalimoto a mpikisano John Cooper, inapambana mpikisano wa Monte Carlo Rally katatu: mu 1964 ndi Paddy Hopkirk, mu 1965 ndi Timo Mäkinen, mu 1967 ndi Rauno Aaltonen. Mu 1966 ma Mini anatenga malo atatu oyambirira, koma oyendetsa mpikisano anawachotsa pa nkhani ya mababu a magetsi akutsogolo, ndipo Angerezi mpaka lero sanakhululuke. M'misewu yokhotakhota ya m'mapiri, yodzaza chipale chofewa, kupepuka kunagonjetsa magalimoto a injini zikuluzikulu.

Tsono tiyeni tione kumene M4 imakhala masiku onse. Imakhala pa M1 cha m'ma 7 koloko m'mawa, ikukwawa kumbuyo kwa takisi ya Quantum. Imakhala pa Gillooly's ndi pa Buccleuch, mphambano za misewu ikuluikulu, pamene aliyense, wa R2 miliyoni ndi wa R30,000, amayenda liwiro limodzi. Imakhala pa loboti yakufa, kudikira kuti mnyamata wovala chibu chowala aikodole. Mvula ya Januwale ikakumba maenje, matayala ake a mainchesi 19 kutsogolo ndi 20 kumbuyo, okhala ndi kamphira kopyapyala m'mbali, ndi amene amayamba kulira. Dzenje limodzi likhoza kudya tayala ndi limu pamodzi, ndipo m'buti mulibe tayala lapadera, muli kabotolo ka zomatira ndi kapampu. Kugula galimoto yotere kuti uziyendera Joni n'chimodzimodzi kumanga nkhokwe ya ngolo makumi awiri uli ndi munda wa theka la ekala.

Nkhani ya ndalama ndi imene anyamata athu sakonda kuikamba pagulu. Ochepa kwambiri amagula magalimoto amenewa ndi ndalama zapamanja. Ambiri amasaina ngongole ya miyezi 72, ndipo kuti ndalama ya pamwezi ioneke yopiririka amavomera chimene amabanki amati balloon: gawo lalikulu la mtengo, mwina 30 pa 100 aliyense kapena kuposa, limakankhidwira kumapeto. Chiwongoladzanja chake ukulipira mwezi ndi mwezi, koma ngongoleyo ili pomwepo, ikukudikira pakatha zaka 6, galimoto itatsika kale mtengo. Onjezanipo inshuwalansi, imene kwa mnyamata wosakwana zaka 30 woyendetsa galimoto yothamanga imakhala ngati lendi yachiwiri. Onjezanipo tracker, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, kamene a inshuwalansi amaumiriza. Onjezanipo petulo wa 95. BMW yatsopano imabwera ndi Motorplan, dongosolo loti kampani izikukonzera galimoto, ya zaka zisanu kapena makilomita 100,000, ndipo nthawi imeneyo zinthu zimakoma. Ikatha, mabuleki, giyabokosi ndi maturbo zimayamba kuyang'ana m'thumba mwako. Ambiri mwa anyamata athu amagula galimotozi pamenepo ndendende, mwini woyamba atazithawa.

Pali kanthu kena kamene kamaulula zonse. Galimoto ikakhala ya ngongole, pamapepala a boma mwini weniweni ndi banki. Ukafuna kutuluka nayo pa Beitbridge uyenera kuyamba wapempha kalata kubanki yokuloleza. Munthu wamkulu, wandevu zake, kupempha chilolezo kuti akaone amayi ake pagalimoto imene amaitchula kuti yanga. Mkulu wa ka Mini uja mapepala ake ali m'kabati, dzina lake lokha.

Pa za kukonza, boma la kuno linayesetsa. Kuyambira mu Julaye 2021, malangizo a Competition Commission amalola mwini galimoto kukakonzetsa kugalaja imene wafuna popanda kutaya waranti yonse. Ndi chinthu chabwino, ndipo chinatsegulira mpata amakaniko ang'onoang'ono, ena mwa iwo abale athu. Koma chilolezo si luso, ndipo si zida. Galimoto yamakono yothamanga ili ndi timakompyuta tambirimbiri tolankhulana, moti ngakhale batire ukasintha uyenera kuiuza galimotoyo kudzera pamakina. Makaniko wa pansi pa mtengo akhoza kugula kamakina kowerengera zolakwika, koma kamakinako kakanena kuti vuto lili mu gawo lakutilakuti, chotsatira ndi kugula gawo lonselo latsopano. Zokonza zinatha, kwatsala zosintha. Ka Mini, kapena Nissan 1400, kakazima panjira, zoyambitsa zake n'zowerengeka pa zala: petulo sakufika, moto sukufika, kapena mpweya watsekeka. Munthu wamba akhoza kuphunzira zimenezi Loweruka limodzi.

Tsopano bodza la akuluakulu lija. Amati magalimoto akale anali olimba, chitsulo chenicheni, osati za lerozi zimene ukangogunda pang'ono zafwanyika. Ndimamva mawu amenewa pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ndi mawu amene akhoza kuphetsa munthu. Galimoto yamakono imafwanyika kutsogolo mwadala. Anaipanga kuti mphuno yake ipindike n'kumeza mphamvu ya kugundako, chipinda chokhala anthu chitsale chilili. Yakale imachita zosiyana: bampala ikhoza kutsala yowongoka, koma mphamvu yonse yadutsa n'kukathera m'chifuwa cha woyendetsa. Mu 2009 bungwe la ku America la Insurance Institute for Highway Safety linagundanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009, maso ndi maso. Chigalimoto chakalecho, chachitsulo chenichenicho, chinapindikira mkati, chiwongolero n'kulowa pamene pakhala munthu. Yatsopanoyo chipinda chake chinatsala bwinobwino. Kanema wake ali pa intaneti, ndipo aliyense wonena za chitsulo chenicheni ayambe wamuonera.

Ngati chigalimoto chachikulu chija chinatero, nanga ka Mini? Kalibe airbag, kalibe ABS yoletsa matayala kukhwekhwereza pomanga mabuleki, zitseko zake n'zopyapyala, thanki ya petulo ili m'buti kumbuyo kwa mpando wa ana. Tambiri mwa timeneti tili ndi mabuleki akale a dilamu matayala onse anayi, ofuna kusinthidwa pafupipafupi kuti asamakokere mbali imodzi. Chaka chimene Mini inatuluka, 1959, ndi chaka chomwechonso chimene Volvo inayamba kuika lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno, amene anapanga Nils Bohlin, koma zinatenga zaka kuti lamba ameneyu afike m'magalimoto onse. Ndipo misewu imene Issigonis ankaiganizira inalibe ma Hilux ndi ma Fortuner olemera matani awiri, amene bampala yawo imafika pawindo la Mini. Ndinene mosabisa: mwana wanga sindingamukweze ka Mini pa N1. M4 ikagundana ndi Mini, wa mu M4 atsika n'kuyamba kuimba foni. Winayo sadzaimbanso.

Komabe nkhani ya ngozi ili ndi mbali ina imene otsatsa magalimoto satchula. M'dziko muno anthu oposa 10,000 amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo pafupifupi anayi mwa khumi alionse amakhala oyenda pansi. Oyenda pansi amenewo ndi ndani? Ndi mayi wochokera ku Diepsloot amene watsika takisi m'bandakucha kuti akagwire ntchito m'nyumba ya azungu ku Fourways. Ndi mnyamata wa m'galadeni amene akuwoloka Winnie Mandela Drive atanyamula chikwama cha zovala zogwirira ntchito. Ndi ifeyo, ambiri a ife. Ma airbag a mu M4 amateteza amene ali mkati. N'zoona kuti mabuleki ake ndi amphamvu zedi, ndipo pa liwiro la 60 imaima msanga kuposa Mini. Koma palibe amagula 375 kW kuti aziyenda 60. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi, mtunda woimira nawonso chimodzimodzi. Pa 120 galimoto imadya mamita 33 pa sekondi iliyonse. Pa 200 imadya oposa 55, ndiye kuti ukangoyang'ana foni masekondi awiri wadutsa utali wa bwalo la mpira osaona kanthu. Ka Mini n'koopsa kwa mwini wake, amene anasankha yekha kukakwera. Galimoto yothamanga m'manja mwa munthu wofuna kuonetsa ndi yoopsa kwa amene sanasankhe kalikonse. Pa zoopsa ziwirizi, choyambacho ndimachilemekeza.

Mavuto ena a timagalimoto takale ndi ongotopetsa. Pa Mini, distribyuta ili kutsogolo kwenikweni, kuseri kwa timawaya ta pamphuno, moti chimvula cha masana cha ku Joni kuno chikangowaza madzi, kagalimoto kamatsokomola n'kuzima pakati pa msewu. Eni ake amachita kuiveka golovesi yamphira. Walira mvula walira matope. Dzimbiri limadya pansi ndi m'mbali mwa zitseko, ngakhale kuti kuno kumtunda limachedwerapo poyerekeza ndi ku Durban. Petulo wokhala ndi mtovu, amene injini zakale zinazolowera, anasiya kugulitsidwa kuno mu 2006, choncho uyenera kukonzetsa mutu wa injini kapena kumathira mankhwala m'thanki. Mulibe choziziritsa, mulibe pochajira foni, ndipo usiku magetsi ake amaunika ngati akupepesa. Ndiponso Mini yosamalika bwino masiku ano si yotchipa, anthu osonkhanitsa magalimoto akale anaikweza mtengo. Wofuna kungoona magalimoto akale ndi maso apite ku James Hall Museum of Transport pa Rosettenville Road, pafupi ndi Wemmer Pan, m'dera limene ambiri a ife timakhala koma sitinalowemo.

Kwa munthu wa malipiro wamba, kagalimoto kakale kenikeni ka kuno si Mini. Ndi Citi Golf, imene Volkswagen inapitiriza kupanga ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009, dziko lonse litaiwala kale Golf yoyambayo. Ndi Nissan 1400, kabaki kamene kanapangidwa ku Rosslyn mpaka 2008, kamene kasamutsa mabedi ndi mafiriji a Amalawi osawerengeka kuchoka ku Mayfair kupita ku Cosmo City. Ndi Toyota Tazz. Masipeya ake ali paliponse, pa Jules Street mpaka m'masikirapu a kumalokeshoni, ndipo makaniko aliyense amawadziwa pamtima. Akuba nawonso amawadziwa pamtima, n'chifukwa chake mwini Citi Golf sagona asanakhome loko pagiya. Zonse zimene ndanena za Mini, zabwino ndi zoipa zomwe, zimakhudzanso amenewa, kungoti iwo akugwirabe ntchito.

Anyamata ali ndi yankho limodzi limene limandivuta. Amati, "Nanga Gusheshe, akulu? Si yakale imeneyo? Si yothamanga?" Akunena BMW 325iS, imene inapangidwa ku Rosslyn cha m'ma 1990 ndi 1991, pafakitale imene BMW inatsegula mu 1973, yoyamba kunja kwa Germany. Ku Soweto galimoto imeneyi ndi mfumu, ndipo masewera ozunguliza galimoto utsi uli tolotolo anakulira pa iyo ndi abale ake. Mfundo yawo ndi yakuti galimoto yothamanga ya lero ndiyo idzakhale yakale yokondedwa mawa. Mwina. Koma taonani: 325iS yamphamvu kwambiri inali ndi 155 kW. Golf GTI ya lero imaiposa. Anthu akuilirira Gusheshe lero pa mitengo yodabwitsa, osati chifukwa cha manambala, popeza manambala ake anapitiriridwa kalekale. Akuilirira chifukwa ndi yopepuka, ili ndi magiya a pamanja, imamvera phazi ndi dzanja, ndipo munthu akhoza kuimasula yense n'kuimanganso kuseri kwa nyumba. Ndiye kuti imakondedwa pa zifukwa za Mini. Sindikhulupirira kuti pakadzatha zaka 30 padzapezeka mnyamata ku Soweto amene adzadzutse M4 ili pamiyala, timakompyuta take titafa.

Sindikuti liwiro ndi tchimo. Lili ndi kwawo. Ku Midrand kuli Kyalami, kumene Formula One inathamanga komaliza mu 1993, ndipo cha ku Pretoria kuli Zwartkops, kumene masiku ena munthu wamba amalipira n'kulowetsa galimoto yake m'bwalo, chisoti kumutu. Kumeneko M4 imasanduka chinthu chodabwitsa, ndipo mainjiniya amene anaipanga ndi oyenera kuwavulira chipewa. Ndikadaona eni ake akupita kumeneko mwezi ndi mwezi ndikadatseka pakamwa. Koma afunseni. Ambiri sanapondeko, chifukwa matayala atha tsiku limodzi ndipo inshuwalansi wamba silipira ngozi ya m'bwalo la mpikisano. Bwalo lawo ndi mtunda wa pakati pa loboti ndi loboti pa Rivonia Road, Lachisanu usiku.

Nanga n'chifukwa chiyani timazigulabe? Tisanamizane, sitigulira msewu. Timagulira maso. Mwambo umenewu ndi wakale kuposa ife. Agogo athu a Wenela ndi a Teba ankabwera kumudzi ndi njinga yatsopano, wailesi, suti ndi chipewa, kuti mudzi wonse udziwe kuti kumgodi sanapite kukasewera. Ankadziwanso kuti wobwera chimanjamanja amasekedwa, ndipo ena anasanduka matchona chifukwa cha manyazi omwewo. Sindiwanyoza, ndipo mnyamata amene wavutika ndi mapepala, kunyozedwa ndi kutchulidwa mayina m'dziko la eni, akafuna chinthu chonena kuti nanenso ndine munthu, ndimamumvetsa. Kusiyana kwake n'kwakuti njinga ya agogo inali yolipiridwa, ndipo ikafika kumudzi inkagwira ntchito: kunyamula odwala, chimanga, mkwatibwi. Chithunzi cha M4 pa Facebook chimafika kumudzi tsiku lomwelo, ndipo chimene chimabala ndi mauthenga opempha fizi, popeza wa galimoto yotere sangasowe ndalama. Mwini wake nkuti atatsala ndi ya buledi yokha mpaka pa 25.

Ndipo Disembala akafika, pamene maso aja akudikira, galimotoyo nthawi zambiri siyenda ulendowo. Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,700: Polokwane, Musina, mzere wa pa Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, Zobue, kenako Mwanza. Panjirapo pali maenje, mahampu otalika, mbuzi, malole, ndi malo amene petulo wake sungamudalire. Galimoto yotsika mimba, yopanda tayala lapadera, yofuna kompyuta ikadwala, ulendo umenewu si wake. Ka Mini nakonso si kake, tisanamepo, ngakhale kuti kakafera ku Tete pangapezeke munthu wokadzutsa. Zimene zimafikadi pa Mwanza ndi mabasi okoka ngolo zodzaza, ma Hilux, ma Corolla, ndi timabaki totopa titasenza mpaka kumwamba. M4 imatsala m'galaja ku Midrand, tracker ikuphethira, banki ikudula yake pa 1 Januwale, mwini wake ali pampando nambala 43 m'basi.

Amene analimba mtima n'kufika nayo ndinamvapo mbiri yake. Anaisiya patauni kwa achibale chifukwa msewu wafumbi wopita kwawo ukadaichotsa mimba, n'kumalizitsa ulendo pakabaza. Mawa lake anatenga amayi ake kuti akaione. Mayiwo anaizungulira, anasuzumira pawindo, anaona zitseko ziwiri ndi timipando takumbuyo topanikizika, n'kufunsa kuti, "Koma mwanawe, imeneyi matumba a feteleza angalowemo angati?"